Zimene Qatar Amaonetsa Alendo

Qatar ndi kachigawo ka mtunda kotulukira m'nyanja ya Persian Gulf, kolumikizana ndi Saudi Arabia chakummwera kokha. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 11,500, kutanthauza kuti dziko lonselo lingalowe kawiri m'nyanja ya Malawi malo n'kutsalako. Kulibe mtsinje woyenda chaka chonse, kulibe nkhalango, ndipo malo okwera kwambiri amangopitirira pang'ono mamita 100. Mvula imagwa yochepa zedi, kawirikawiri yosafika mamilimita 100 pa chaka, ndipo kuyambira Juni mpaka Seputembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Dziko lotere likafuna kukopa alendo silingadalire mathithi kapena nyama zam'tchire. Liyenera kumanga zoti anthu adzaone, kapena kufukula zimene mchenga unakwirira. Qatar wachita zonse ziwiri, koma pakuitana alendo amakweza mawu pa zomangazo, chonsecho zofukulidwazo ndiye zili ndi nkhani yaikulu.

Chuma cha dzikoli nchaposachedwa. Mpaka m'zaka za m'ma 1930, anthu a m'mphepete mwa nyanjayi ankadya za ngale. Malondawo anagwa pamene ngale zochita kuweta za ku Japan zinadzaza misika, panthawi yomwe chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitalowa pansi. Njala inavuta, mabanja ambiri anasamuka. Mafuta anapezeka ku Dukhan kumayambiriro kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma anayamba kutumizidwa kunja mu 1949. Mu 1971, chaka chimene Qatar analandira ufulu kuchoka m'manja mwa Britain, pansi pa nyanja panapezeka nkhokwe ya gasi yotchedwa North Field. Nsanja zagalasi za mumzinda wa Doha, bwalo la ndege la Hamad lomwe linatsegulidwa mu 2014, sitima zapansi panthaka za mu 2019 ndi mabwalo a mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa mu 2022, zonsezi zinamera pa gasi ameneyu.

Mwa zomangidwa ndi ndalamazo, ziwiri nzosatheka kuzinyoza. Yoyamba ndi Museum of Islamic Art, nyumba yosungiramo luso la Chisilamu yomwe inatsegulidwa mu 2008. Anailemba mapulani ndi I. M. Pei, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, atayendera maiko angapo a Chisilamu kufunafuna chimake cha kamangidwe kawo. Chimene chinamugwira mtima ndi kanyumba kosambirapo mapemphero asanayambe pa mzikiti wa Ibn Tulun ku Cairo. Nyumba yake yaima payokha pa kachilumba kochita kupanga, yamiyala yotuwa, yosanjikizana ngati mabokosi, ndipo maonekedwe ake amasintha dzuwa likamasuntha. M'kati muli mabuku a Korani olembedwa pamanja, nsalu, mbale zadothi ndi zipangizo zoyezera nyenyezi zochokera ku Spain mpaka ku India. Koma wodzaona ayenera kuzindikira kuti zambiri mwa zinthuzi zinachita kugulidwa kunja. Ndi chuma cha Chisilamu chonse, osati mbiri ya Qatar.

Mbiriyo ili mu yachiwiri, National Museum of Qatar, yomwe anailemba mapulani ndi Jean Nouvel ndipo inatsegulidwa mu 2019. Anaitengera maonekedwe a mwala wina wa m'chipululu umene umaumbika mumchenga wamchere n'kumaoneka ngati duwa, choncho makoma ake ndi mbale zikuluzikulu zolowana uku ndi uku. Pakati pake anasunga nyumba yachifumu yakale ya Sheikh Abdullah bin Jassim Al Thani. Kuchepa kwa nyumba ya mfumuyo poyerekeza ndi chimphona chimene chaizungulira kumanena zambiri za mtunda umene dzikoli layenda m'mibadwo itatu yokha.

Msika wa Souq Waqif ndiwo umadzaza alendo madzulo aliwonse. Muli tinjira topapatiza tonunkhira zokometsera zakudya ndi lubani, madala okankha mawilibala a katundu wa ogula, ndi chigawo cha akabawi, mbalame zosakira nyama zimene Aarabu amazilemekeza kwambiri. Mbalamezo zimakhala chete pa timitengo, zitavekedwa tizipewa tachikopa tophimba maso, ndipo pafupi pomwepo pali chipatala chawochawo. Ena amanyoza msikawu kuti ngwongoyerekeza, chifukwa moto utauwononga mu 2003 boma linaumanganso cha m'ma 2006 mwadala kuti uzioneka wakale, ndi makoma opaka dothi ndi madenga a mitengo. Mawuwo ali ndi choonadi chake, koma sakukwanira. Msika umakhala weniweni ngati eni dziko akugulamo, ndipo mu Souq Waqif amagulamodi. Zongoyerekeza zenizeni zili kwina: pa chilumba chochita kupanga cha The Pearl ndi m'sitolo zazikulu zokhala ndi ngalande zotengera za ku Venice. Kumeneko munthu angathe tsiku lonse osaphunzira kalikonse za dziko limene wafikamo.

Amene akufuna kumvetsa Qatar ayenera kutuluka mu Doha n'kuyenda makilomita pafupifupi 100 chakumpoto chakumadzulo, kukafika ku Al Zubarah. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2013. Choyamba kuoneka ndi linga laling'ono la mu 1938, ndipo ambiri amajambula lingalo n'kubwerera, poganiza kuti aona zonse. Chenicheni chili chakunyanja: mabwinja a mzinda wa mpanda umene unatukuka ndi ngale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, unaotchedwa mu 1811, kenako n'kusiyidwa pang'onopang'ono mpaka mchenga unaufotsera. Mchengawo ndi umene unausunga. Ofukula apeza misewu, mabwalo a nyumba, msika, ndi zipinda zokhala ndi timigula pansi mmene ankasanjikamo matumba a zipatso za kanjedza kuti madzi ake otsekemera azitsikira mumtsuko. Palibe magetsi okongola, palibe nyimbo. Pali mphepo ndi makoma ofika m'chiuno. Koma apa ndi pamene pamaoneka kuti anthu a dzikoli ankachita malonda ndi Basra, India ndi kutali kwina mafuta asanadziwike.

Kugombe la kumpoto chakummawa, ku Al Jassasiya, kuli miyala yoyalana pansi yomwe inagobedwa zithunzi mazanamazana. Zina ndi zombo zooneka ngati munthu akuziyang'ana ali kumwamba, nkhafi zili mbali zonse. Zina ndi timaenje tandandalika m'mizere iwiri, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti panali posewerera masewera a mtundu wa bawo, pomwe ena amati tinali tosankhiramo ngale. Za nthawi imene zinagobedwa, akatswiriwo sanamvanebe.

Chipululu chenichenicho chili kummwera chakummawa, ku Khor Al Adaid, kumene nyanja imalowa pakati pa zitunda za mchenga n'kupanga dziwe lalikulu lamchere. Kulibe msewu wa tala. Amafikako ndi magalimoto amphamvu okoka ndi mawilo onse anayi, ataphwetsako mpweya m'matayala kuti asatitimire. Malowa ndi otetezedwa, koma chisangalalo chimene makampani amagulitsa kwambiri ndi chothamangitsa magalimoto pa zitundazo, alendo akukuwa m'kati. Phokoso, mikwingwirima ya matayala ndi zinyalala zikudya chinthu chokhacho chimene chipululu chili nacho chopatsa munthu, ndicho bata. Chakumadzulo, pafupi ndi Zekreet, mmisiri Richard Serra anaimika mu 2014 zitsulo zinayi zazitali kuposa mamita 14, motalikirana pa mtunda wopitirira kilomita imodzi. Izi sizilimbana ndi chipululu. Zimangothandiza diso kuyeza kukula kwake.

Ku Al Shahaniya kumachitika mipikisano ya ngamila m'miyezi yozizira. Pamsana pa ngamila pamakhala kachidole kamakina ka chikwapu, ndipo eni ake amathamanga pa galimoto m'mbali mwa bwalo akukalamulira ndi wailesi. Alendo amaseka poona izi, koma tizidoleto tinabwera m'malo mwa ana aang'ono ochokera kumaiko osauka amene ankakwezedwa pa ngamilazo mpaka mchitidwewo unaletsedwa cha m'ma 2005.

Malo ofunika kuposa onse ndi aang'ono, ndipo sapezeka kawirikawiri pa zithunzi zoitanira alendo. Pakati pa Doha, m'dera la Msheireb, pali Bin Jelmood House, nyumba yomwe kale inali ya wogulitsa akapolo, ndipo kuyambira mu 2015 ikufotokoza mbiri ya ukapolo wa m'nyanja ya Indian Ocean. Ambiri mwa amene ankamira kufuna ngale anali akapolo kapena ana a akapolo ochokera kummawa kwa Africa, odzera m'madoko monga Kilwa ndi Zanzibar, njira yomweyo imene inameza anthu ogwidwa m'mbali mwa nyanja ya Malawi m'masiku a Jumbe wa ku Nkhotakota. Ntchito yawo inali yoopsa. Zombo zinkakhala pa nyanja pafupifupi miyezi inayi ya chilimwe. Womira ankatsina mphuno ndi kachipanda, n'kuponda mwala womangidwa ku chingwe kuti umutsitse msanga, dengu lili m'khosi. Mpweya ukamuthera ankagwedeza chingwe, ndipo moyo wake unali m'manja mwa mnzake wokoka pamwamba. Ankabwereza zimenezi kambirimbiri pa tsiku, akudya pang'ono, maso ndi makutu zikuwonongeka ndi mchere. Ngakhale mfulu zinkamangidwa ndi ngongole kwa mwini chombo, ngongole imene inkatha kutsalira ana. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo ku Qatar mu 1952.

Kutsegula nyumba yotere m'dera limene nkhaniyi anthu sakonda kuikamba ndi chinthu choyenera kuyamikiridwa. Koma nyumbayo imadzutsa funso limene likudikira panja pa chitseko chake. Mwa anthu pafupifupi 3 miliyoni okhala ku Qatar, nzika ndi gawo laling'ono chabe, pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse. Otsalawo ndi obwera kudzagwira ntchito, ochokera ku India, Nepal, Bangladesh, Philippines, Kenya, Uganda ndi kwina. Ndiwo anathira konkire ya mabwalo a mpira, ndiwo amayendetsa matakisi, kuyala mabedi m'mahotela ndi kulondera zipata za nyumba zosungiramo zakalezo. Kwa zaka zambiri ankagwira ntchito pansi pa dongosolo la kafala, lomwe linkamangirira wantchito kwa bwana wake moti sakanatha kusintha ntchito kapena kutuluka m'dziko popanda chilolezo. Dziko lapansi litadzudzula, boma linasintha malamulo mu 2020, ndipo mu 2021 linakhazikitsa malipiro otsikitsitsa a mariyali 1,000 pa mwezi. Mabungwe oona za ufulu wa anthu akupitiriza kudandaula za malipiro ochedwa, ngongole zimene antchito amatenga polipira owapezera ntchito, ndi imfa za m'nyengo yotentha zimene sizifufuzidwa mokwanira. Zipinda zomaliza za Bin Jelmood House zimakamba za ukapolo wamakono, koma midadada imene antchitowa amagona, ku Industrial Area kunja kwa Doha, siili pa njira iliyonse imene mabasi a alendo amadutsa.