Phungu ndi Namkungwi: Malangizo a Makolo ndi Uphungu wa Masiku Ano

Mawu akuti uphungu, amene masiku ano amaoneka pa zitseko za zipinda zoyezera magazi m'zipatala, ndi akale kwambiri kuposa ntchito imene akuitchulayo. Pa chinamwali cha Achewa pamakhala maudindo awiri osiyana: namkungwi ndi mwini mwambo, amene amapereka malangizo kudzera m'nyimbo, m'miyambi ndi m'zifanizo, pomwe phungu amakhala pambali pa namwali, kumuperekeza, kumumasulira zimene sanamve bwino ndi kumulimbitsa mtima akagwidwa ndi mantha. Anthu ambiri amene amapita kukalandira uphungu amayembekezera kukapeza namkungwi woti awauze chochita, koma ntchito imene mlangizi wophunzira amaphunzitsidwa imafanana kwambiri ndi ya phungu.

Malangizo a makolo amayenda kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndipo wolangizidwayo amazolika mutu osayankha, chifukwa cholinga chake ndi kumulowetsa munthu m'khalidwe limene mudzi unagwirizana kale: kulemekeza apongozi, kusunga chinsinsi cha m'nyumba, kusaponda pamene akulu aletsa. N'chifukwa chake mneni woti kulanga amatanthauza kuphunzitsa mwambo komanso kupereka chilango. Njirayi imagwira bwino pokonzekeretsa munthu zimene sanakumane nazo, monga ukwati kapena uchembere, koma imaperewera pamene munthuyo wavulala kale mumtima, popeza iye mwambo amaudziwa ndipo chimene chamusowa ndi womumvetsera.

Katswiri wa za maganizo wa ku America, Carl Rogers, analemba mu 1957 kuti munthu wovutika amayamba kusintha ngati womuthandiza ali woona mtima, akumulandira popanda kumuweruza, ndiponso akumvetsa zinthu monga momwe wovutikayo akuzionera. Chachitatuchi n'chosiyana ndi chifundo, pakuti wachifundo amaima kunja n'kunena kuti pepani, pomwe womvetsa amalowa m'maganizo a mnzakeyo osaiwala kuti vutolo si lake. Mayi akanena kuti watopa ndi banja, yankho lozolowereka pa chilangizo ndi lakuti banja ndi kupirira, ndipo nkhani imathera pomwepo. Mlangizi wophunzira amabweza mawu a mayiyo mofatsa, nati, "Mayi, mwati mwatopa, chakutopetsani kwambiri n'chiyani?" Kenako amakhala chete, ngakhale kwa mphindi yathunthu, osathamangira kutseka bata limenelo ndi mwambi. Kukhala chete kotereku si kwachilendo kwa anthu amene amagona pa siwa usiku wonse pafupi ndi namfedwa osanena kanthu, ndipo ankhoswe odziwa ntchito yawo nawonso sagamula asanamve mbali zonse ziwiri. Chimene sukulu ikuwonjezera ndi lamulo lakuti chiganizo chomaliza chikhale cha mwini vuto.

Uphungu wa pagulu ndiwo umaoneka ngati wosavuta kwa anthu ozolowera bwalo ndi misonkhano ya kumpingo. Irvin Yalom, m'buku lake la mu 1970 lonena za chithandizo cha pagulu, anaonetsa kuti china mwa zimene zimachiritsa ndi kuzindikira kuti vuto limene munthu ankaliyesa lake lokha lilinso ndi ena, ndiponso kuti wothandiza mnzake amadziona kuti akadali wofunika. Magulu a anthu omwa mankhwala otalikitsa moyo aonetsa zimenezi m'midzi yambiri. Komabe gulu la uphungu limasiyana ndi bwalo, chifukwa pabwalo wamkulu amayamba kulankhula ndipo wamng'ono amavomereza, pomwe pano mtsogoleri ayenera kubweza mwaulemu wolankhulitsa ndi kupereka mpata kwa uja wakhala kumapeto kwa mphasa. Ayeneranso kusamala posankha anthu, popeza mkamwini sangamasuke pamaso pa apongozi ake. Chovuta koposa ndi chinsinsi, pakuti mlangizi angathe kulonjeza za pakamwa pake pokha, osati pa ena onse, ndipo m'mudzi momwe aliyense ndi mbale wa wina, nkhani yonenedwa m'mawa imatha kufika kuchigayo dzuwa lisanapendeke. Izi ziyenera kunenedwa poyera pa tsiku loyamba.

Kuzindikira matenda ndi gawo limene malangizo a makolo alibe chofanana nalo kwenikweni. Buku la DSM, limene bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linatulutsa koyamba mu 1952, limati munthu ali ndi matenda a kukhumudwa kwakukulu ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo ali ndi zizindikiro zosachepera 5 mwa 9, monga kusowa chimwemwe pa zimene ankazikonda, kusagona bwino, kusintha kwa kadyedwe, kufooka ndi kuganiza zodzipha. Munthu wotere kumudzi amatchedwa waulesi kapena wamwano, ndipo akalangizidwa osasintha, anthu amayamba kunena zakulodzedwa. Mbali inayi, wodwalayo safika kuchipatala ndi mawu a m'buku. Amadandaula mutu, kuthamanga kwa mtima kapena kuganiza kwambiri, ndipo mlangizi amene samva chinenero chimenechi amamubweza ndi panado. Buku lomwelo, m'kusindikiza kwa mu 2013, linavomereza mawu a Chishona akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, ngati njira imodzi imene anthu amafotokozera kusweka mtima.

Mawu amenewa ndi amene Dixon Chibanda, dokotala wa ku Harare, anayambira nawo ntchito ya Friendship Bench mu 2006. Iye anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala, kufunsa mafunso 14 oyezera kukula kwa vuto, ndi kuthandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi ndi kupeza yekha poyambira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anakhala pa benchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse, ndipo njirayi yayesedwanso ku Malawi. Agogowa anabwera ndi ulemu umene mudzi umawapatsa kale, ndipo chachikulu chimene anafunika kuphunzira chinali kudziletsa kupereka malangizo.

Pali nthawi zina pamene kumvetsera kokha sikukwanira. Munthu amene akumva mawu omwe ena sakuwamva, kapena wasokonezeka mwadzidzidzi, ayenera kuonedwa ndi dokotala, chifukwa malungo aakulu ndi khunyu zimatha kuoneka ngati misala, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku zipatala monga cha Zomba Mental kapena cha Saint John of God ku Mzuzu. Woganiziridwa kuti akufuna kudzipha amafunsidwa mosabisa, popeza funsolo silimuika maganizowo m'mutu. Mayi amene akumenyedwa sauzidwa kuti apirire, chifukwa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limamuteteza, ndipo mlangizi amamufotokozera za ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ngakhale ankhoswe a mbali zonse atagwirizana kuti nkhaniyo ithere m'nyumba.