TSIKU LACHITATU: Mwala Pansi pa Galasi

Werengani 2 Akorinto 13:5, Masalmo 139:23, 24, Luka 18:9-14.

M'boma lathu lino la Ntcheu muli phiri la Chimwadzulu, kufupi ndi malire a Mozambique, kumene m'chaka cha 1958 kunapezeka mwala wotchedwa corundum. Mwala umenewu ukakhala wofiira utchedwa ruby, ukakhala wa maonekedwe ena utchedwa safiro. Pakati pa miyala ya mtengo wapatali yokumbidwa pansi, daimondi yekha ndiye auposa kulimba.

Tiyerekeze kuti mlendo watsika basi pano pa Manjawira, namasula kansalu, natisonyeza kamwala kofiira, nati ndi ruby wa ku Chimwadzulu. Tidzadziwa bwanji kuti anena zoona? Chibenthu cha botolo lofiira nachonso chinyezimira padzuwa. Ndiponso kuyambira 1902, pamene Auguste Verneuil wa ku France analengeza njira yopangira ruby pamoto, miyala yopangidwa ndi anthu yakhala ikufanana ndi yeniyeni kotero kuti diso lokha silitha kusiyanitsa.

Chifukwa chake wogula wodziwa ntchito yake amayenda ndi kagalasi kokulitsa zinthu kakhumi. Amakagwira pafupi ndi diso, nasendeza mwalawo kufikira utatsala masentimita 2 kapena 3 kuti ukhudze galasi, manja ake atagundana kuti asanjenjemere, ndipo amachita izi powala. Mwala ukatalikira pang'ono, zonse zioneka mwachimbuuzi.

Kodi Paulo akuti tiyese yani? Yerekezani ndi Mateyu 7:3-5.

Ndi galasi lotere sitingayese mwala uli m'dzanja la mnzathu. Uyenera kukhala m'dzanja lathu. Koma ife, kawirikawiri, timafuna kupima moyo wa mbale wokhala mpando wina m'kachisi, tili patali, ndipo zimene tiona mwachimbuuzi timazinena ngati zoona.

Nanga wogula uja aona chiyani? M'chibenthu cha botolo aona tithovu ta mpweya tozungulira. Mu ruby wopangidwa pamoto aona mizere yokhota. Mu ruby weniweni aona timizere tosongoka ngati singano, timiyala tina totsekeredwa m'kati, ndi ming'alu yakale imene inalumikizananso mwalawo ukali pansi. Zilema zimenezi ndizo umboni wakuti mwalawo unachokeradi m'nthaka. Mwala woyera mbee, wopanda kanthu m'kati, ndiwo aukayikira.

N'chifukwa ninji wamsonkho anapita kwao woyesedwa wolungama, osati Mfarisi? Onaninso 1 Yohane 1:8, 9.

Tisamve molakwa. Tchimo silikongoletsa Mkhristu, ndipo sitiyenera kulisunga. Koma munthu wodzionetsa wopanda chilema sanaimebe m'kuunika kwa lamulo la Mulungu. Iye amene wayandikira kwa Khristu amaona ming'alu yake, naivomereza, ndipo m'moyo wake muoneka zipsera zimene chisomo chinapoletsa.

Ambiri a ife timaopa chiweruzo cha pa Danieli 7:9, 10, pamene mabuku atsegulidwa. Koma vesi 22 litiuza kuti mlanduwo ukomera oyera mtima. Wogula sataya nthawi kupima mwala umene saufuna. Mulungu atisanthula chifukwa afuna kutitenga tikhale chuma chake chapadera, monga Malaki 3:17 alonjeza, ndipo mtengo wake unalipidwa kale pa Kalvari. Woyenera kuopa galasi ndiye wogulitsa chibenthu cha botolo.

ZOLINGALIRA: Ndi chinthu chiti m'moyo wanu chimene mwachiika patali dala kuti chisaoneke bwino? Dzuwa la tsiku lokonzekera lisanalowe, chitchuleni ndi dzina lake pamaso pa Ambuye. Ngati mwalankhula za mbale zimene munaziona patali, pitani mukakonze naye musanakhale pamodzi m'kalasi la Sukulu ya Sabata.