Mapointi ndi mboni, koma yoona mbali imodzi

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, funso pa msika wa Dwangwa limakhala limodzi: "Wapeza mapointi angati?" Palibe amafunsa kuti mwanayo ankawerengera nyali yanji. Mapointiwo amachokera pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino pa mayeso a MANEB, ndipo akachepa ndiye kuti wachita bwino. Nambala imeneyi ndiyo imalankhula ku bungwe la NCHE, limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku sukulu zaukachenjede za boma.

Taganizirani ana awiri. Wina waphunzira pa sukulu yogonera komweko, ya labotale, magetsi ndi chakudya katatu patsiku. Wina ndi mtsikana wa pa sukulu yoyendera kuno ku Nkhunga, amene amapita m'kalasi atayamba wayanika usipa pa thandala, ndipo zipangizo za sayansi adangoziona pa chithunzi cha m'buku. Woyambayo wapeza 12, mtsikanayu 18. Mayeso sananame, poti zimene aliyense adalemba n'zomwezo. Koma sananene kuti winayo adayambira pafupi, mnzakeyo kutali.

N'chifukwa chake ena amasirira za ku America, kumene wofuna malo ku koleji amalembanso chimangirizo chofotokoza moyo wake, akuti kuti osankha aone munthu osati nambala chabe. Zikumveka zachifundo. Vuto n'lakuti chimangirizo chotere chimalembedwera kunyumba, ndipo makomo ndi osiyana. Mwana wa bwana ali ndi amalume odziwa Chingerezi, kompyuta, ngakhale ChatGPT yomulembera zonse. Mwana wa wodula nzimbe amuwongolera ndani? Komanso pali china chosautsa: mwana wosauka ayenera kuyala umphawi wake pamaso pa anthu osawadziwa, kufotokoza za maliro a bambo ake m'mawu okoma, kuti amumvere chisoni. Mwana wopeza bwino palibe amamupempha zimenezo. Ku America komweko, sukulu yotchuka ya MIT idabwezeretsa mayeso a SAT mu 2022 itawasiya nthawi ya Covid-19, ndipo idati mayesowo amaithandiza kupeza ana anzeru ochokera ku sukulu zosowa.

Choncho mayeso, ngakhale ali ndi chilema, ndi bwenzi la wosauka. Wochonga pepala sadziwa kuti mtsikana uja ndi mwana wa yani, sadziwa mtundu wake, sayembekezera nkhuku. Makomo otere ndi ochepa m'dziko muno. Apa m'pamene likasa limaonekera kuipa kwake kwenikweni. Kholo logulira mwana wake mapepala obedwa limati likungothandiza mwana, koma malo ku yunivesite ndi owerengeka, ndipo amene lamulanda ndi mtsikana wa 18 uja. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adathetsedwa chifukwa chobedwa, ndipo adalembedwanso mu Januwale 2021. Ana osalakwa adadikira limodzi ndi akuba, ndipo makolo adasakanso ndalama za thiransipoti ndi zakudya.

Boma lidayesapo kukonza kusiyanaku ndi ndondomeko ya kota, yogawa malo potengera boma limene munthu akuchokera, mpaka idachotsedwa mu 2020. Koma kota inkaona boma, osati sukulu. Kwa iyo, mwana wa bwana wa ku fakitale ya shuga ndi mwana wa msodzi onse anali "a ku Nkhotakota" basi.

Chosowa si mboni ina yoti ilowe m'malo mwa mapointi, koma kuifunsa mboniyi funso lachiwiri: mapointiwa adapezedwa pa sukulu iti? Dzina la sukulu ya mwana aliyense lili kale m'mabuku a MANEB, ndipo silingalembedwe ndi amalume. Mtsikana amene wapeza 18 pa sukulu imene anzake ambiri sanakhoze n'komwe, osankha akadayenera kuima kaye pa dzina lake asanatsegule tsamba lina.