Akapanda Kufunsa, Ndi Bodza?

Achimwene anandiimbira pa WhatsApp kuchokera ku Lilongwe Loweruka m'mawa, ndili pagombe kuno ku Khuyu kuthandiza amayi kuyanika usipa. "Iwe ndiwe wa ku Chanco," anatero, "undilembere malonda a galimotoyi pa Facebook, amveke bwino."

Galimotoyo ndi Subaru Impreza WRX imene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Anaiika turbo yaikulu ndi ekizozi yaphokoso, kenako anasinthitsa kompyuta ya injini kuti izilandira mpweya ndi mafuta ochuluka kuposa momwe opanga anakonzera. Liwiro limakwera, eya, koma zitsulo za mkati zimatopa msanga. Injiniyo yatenthapo kawiri, ndipo makaniko anawachenjeza kuti gasiketi yayamba kugonja.

"Zimenezo usalembe," anapitiriza. "Akafunsa ndiyankha. Akapanda kufunsa, si bodza."

Vuto ndi loti ndalamazo si zokamwera mowa. Akufuna kugulira abambo injini ya boti, ndipo tikaulula, mtengo utsika ndithu. Ndiye ndinakhala pamwala foni ili m'manja, ndikudzifunsa: kodi kukhala chete n'kunama?

Funsoli ndi lakalekale. Mu 44 BC, Cicero analemba za wamalonda amene anachoka ku Alexandria ndi tirigu kupita ku chilumba cha Rhodes kuli njala. Munthuyo ankadziwa kuti zombo zina zodzaza tirigu zili m'mbuyo mwake. Akauza anthu, mtengo ugwa. Akangoti zii, alemera. Cicero anagamula kuti ayenera kunena. Kukhala chete pakokha si mlandu, koma kusiya mnzako mumdima dala kuti iwe upindule ndiye chinyengo. Tili m'kalasi ku Zomba ndinkavomereza mosavuta, chifukwa tirigu sanali wa achimwene anga.

Mbali yawo ndikuimva. Wogula galimoto yotere si mwana, amadziwa kuti yathamangitsidwa, ndipo akhoza kubwera ndi makaniko wake. Koma pali zinthu zimene maso saona pa mphindi 20 zoyeserera. Mbiri ya injini imakhala m'mutu mwa mwini wake yekha.

Ife a pachilumba timazidziwa bwino zimenezi. Injini ya boti imene tikufuna kusinthayi, abambo anaigula kwa munthu wina ku Nkhata Bay. Pagombe inkalira bwinobwino. Tsiku lina mwera utakalipa inazima pakati pa nyanja, ndipo iwo ndi anyamata awo awiri anapalasa usiku wonse, amayi atakhala pamchenga osagona. Wogulitsayo sananame mawu ngakhale amodzi. Anangosiya kutchula kuti inamirapo m'madzi.

Kuno ku Likoma ukagulitsa chinthu chowonongeka, wogulayo ukumana naye Lamulungu ku St Peter's, ukakwera naye Ilala, mudzakhalanso limodzi pamaliro. Manyazi okha amakuwongola. Pa Facebook wogula ndi nambala chabe, ndipo ukalandira ndalama ukhoza kumutsekera. Koma nayenso ali ndi amayi amene adzakhale maso injini ikadzamuthera usiku panjira ya ku Dedza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu kuno chinafika kale.

Ndinalemba malondawo usiku womwewo. Ndinayamikira zonse zoyenera kuyamikira, kenako ndinawonjezera kuti kompyuta inasinthidwa, injini yatenthapo kawiri ndipo gasiketi ikufunika ina. Ndinawatumizira achimwene ndi kauthenga koti, "Pepani achimwene, ena sinditha kulemba. Kumbukirani usiku wa abambo uja."

Anawerenga, timizere tija tinasanduka tabuluu, koma sanayankhe mpaka Lachiwiri. Atayankha anangoti, "Waononga mtengo, mphwanga. Ika choncho."

Galimotoyo sinagulidwebe. Anthu awiri aimba, onse akufuna titsitse kwambiri. Abambo akupitabe kunyanja ndi injini yakale ija, ndipo madzulo aliwonse ndimaonetsetsa kuti nkhafi zili m'boti.