Mphatso Yofika Mlandu Usanafike

Makolo athu anati, kupatsa nkuika. Mau awa tiwanena poyamika munthu woolowa manja, pakuti wogawira mnzache ufa m'chaka cha njala waika nkhokwe yache m'mtima wa mnzacheyo, ndipo tsiku la kusowa likadza adzatapamo. Koma tifunse abale athu owerenga: ngati wolandira mphatsoyo ali woweruza mirandu, wopatsayo waika chiani, ndipo adzatapa chiani?

Chiphuphu, chimene akale anachitcha chokometsera mlandu, tichidziwa tonse. Chitatha chisankho cha pa 21 May 2019, Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima anakadandaula ku bwalo, ndipo oweruza asanu anakhala pansi ku Lilongwe kumva mlanduwo: Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo. Mlandu uli mkati, panadza wina kuwayesa ndi ndalama. Iwo sanabise, koma anauza Woweruza Wamkuru Andrew Nyirenda, iyenso nauza bungwe la ACB lothana ndi ziphuphu. Pa 3 February 2020 anafafaniza chisankho chija. M'chaka cha 2021 bwalo linapeza mwini banki Thomson Mpinganjira wolakwa pa kuyesa kupereka chiphuphu, nimlamula zaka 9 m'ndende. Iye anachita apilo, natuluka pa belo mu 2022.

Oweruza aja tiwalemekeza. Koma yesero lao, chinkana linali lalikuru, linadza ndi nkhope yache yeniyeni, ndipo munthu akhoza kuliloza ndi chala, nalikana. Liripo yesero lina lodza usana, lobvala zoyera, limene lamulo lomwe liribvomera.

Kwathu kuno oweruza sasankhidwa ndi mavoti. Awaika ndiye Pulezidenti, atamva uphungu wa bungwe loona ntchito yao. Koma ku America, m'zigawo zambiri mwa zigawo 50 za dzikolo, oweruza a bwalo lalikuru la chigawo apikisana pa chisankho monga achitira aphungu a nyumba ya malamulo kuno. Ayenera kulalikira maina ao pa wailesi ndi pa kanema, ndipo zonsezi zidya ndalama zimene woweruza alibe. Tsono azipeza kwa opatsa.

M'chigawo cha West Virginia munali eni migodi ya malasha awiri. Hugh Caperton, wa mgodi waung'ono, anasumira kampani yaikuru ya Massey kuti inamgwetsa mwachinyengo, ndipo mu 2002 bwalo linalamula Massey kulipira madola 50 miliyoni. Aliyense anadziwa kuti mlandu udzakwera ku bwalo lalikuru la chigawo. Usanafikeko, kunadza chisankho cha 2004, ndipo Don Blankenship, mkuru wa Massey, anamwaza madola ngati 3 miliyoni kuthandiza loya Brent Benjamin kuti alande mpando wa woweruza Warren McGraw. Ndalamazi zinaposa za onse ena omthandiza kuziphatikiza pamodzi, ndipo zambiri zinadzera m'kagulu kamene dzina lache linanena kuti kagwirira ntchito ana! Benjamin anapambana. Caperton anampempha katatu kuti apatuke, iye nakana katatu. Ndipo mu 2007 oweruza atatu anagonjetsa awiri nakhululukira Massey ngongole yonse. Mmodzi wa atatuwo anali Benjamin.

Iye anati sanalonjeze kanthu kwa munthu, ndi kuti anayang'ana m'mtima mwache napeza mulibe tsankho. Ife sitimuyesa wabodza. Bwalo Lalikuru la dziko lonse la America, limene linaweruza nkhaniyi pa 8 June 2009, silinamuyese wabodza nalonso. Koma oweruza asanu mwa 9 anati anayenera kupatuka.

Apa ndipo pagona nkhani. Chiphuphu chigwira munthu pa umbombo wache, ndipo chikumbumtima chimdzudzula. Mphatso yotsogola imgwira pa ukoma wache, ndiko kuyamika, kumene amai ache anamphunzitsa ali mwana pomuuza kulandira ndi manja awiri. Chikumbumtima chikhala chete, pakuti kuyamika si tchimo. Munthu wotere sanena m'mtima kuti, ndipotoze mlandu. Angoona kuti mau a womthandizayo amveka okoma pang'ono, mboni zache zioneka zoona pang'ono, ndipo pamene mlandu uli wokayikitsa, mtima utsetserekera komweko monga madzi. Amai ogulitsa nandolo pa Chonde adziwa kuti sikelo yopendekeka siidziwa kupendekeka kwache. Uikapo thumba, iyo niwerenga ndi nkhope yoona. Chifukwa chache sitifunsa sikelo ngati iri yolungama, ndipo sitiyenera kufunsa woweruza yekha ngati mphatso yamkhudza.

Ndipo aliponso munthu wachitatu amene timuiwala, ndiye wogonjayo. Mlandu utha pamene wogonja abwerera kwao ali wowawidwa koma wokhulupirira kuti anamveka. Akapita ali kunena kuti mpando unagulidwa, mlandu sunathe, pakuti mlandu suola. Udzabuka pa maliro, pa malire a munda, kapena mwa adzukuru. Taonani, mlandu uja utabwerera ku West Virginia mu November 2009, Benjamin atapatuka, Massey anapambanabe, oweruza anai pa mmodzi. Kapena Benjamin sanalakwe poweruza. Koma ndani akadamkhulupirira?

Tisabise kuti pali chobvuta. Oweruza anai amene anatsutsa, motsogozedwa ndi John Roberts, analemba mafunso 40, mutu wache ndi uwu: ndalama zingati ndizo zochuluka, ndipo ngongole ya kuyamika itha liti? Funsoli likula koposa m'midzi yathu, m'mene mfumu yadya nsima m'nyumba iriyonse, ndipo palibe wosakhala mbale kapena mlamu wa wina. Mfumu ikapatuka chifukwa cha nkhuku iriyonse, bwalo lidzamera udzu. Koma tiganiza kuti kusiyanitsa sikutikanika monga tinamizira. Nkhuku yoperekedwa pabwalo anthu onse akuona, monga mwa mwambo, simanga munthu. Imene imanga ndiyo mphatso yoposa za onse, yochokera kwa munthu amene mlandu wache uli panjira, makamaka ngati ndiyo inakweza woweruzayo pampando.

Zotere si za ku America kokha. Kuno ku Mulanje malo achepa, minda ya tiyi inatenga gawo lache kalekale, ndipo mirandu ya malire a minda siitha. Ufumu ukalimbanirana, alipo amene alipira galimoto ya kwa mfumu yaikuru, nagula mbuzi ya tsiku lolonga ufumu; chaka chamawa yemweyo aima pabwalo kutsutsana ndi mkazi wamasiye za mizere khumi. Lamulo la malo a makolo la 2016 linati m'komiti ya malo ya gulupu mukhale anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu kapena kuposa akhale akazi. Nzabwino, koma ponse pali chisankho pali wokopa anthu, ndipo wokopa anthu ali ndi amene anamgulira sopo ndi mchere wogawa.

Ngakhale mu mpingo sitiri kutali nazo. Ana a Samueli, Yoweli ndi Abiya, anakulira m'nyumba ya mneneri, napotozabe mirandu ku Beereseba chifukwa cha phindu. Mkristu amene anagula malata a tchalitchi, kapena analipirira mwana wa mkuru wa mpingo sukulu, akaitanidwa ku bwalo la akuru, tiona mau afewa ndipo mlandu uchedwa, pamene wa mtsikana wosauka utha tsiku limodzi. Mkuru amene anathandizidwayo asayembekeze kuti wina amchotse, pakuti wosauka aopa kupempha zotere. Anene yekha pamaso pa anzache chimene analandira ndi kwa yani, mlembi alembe m'buku, ndipo iye atuluke akakhale pansi pa mtengo kufikira atamuitana. Mfumu nayo itumize mlandu wotere kwa gulupu, kapena ipemphe mfumu ya mudzi woyandikana idzakhale pampando tsiku limenelo.