Satifiketi ndi mboni, si malipiro a kuvutika

Pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita kuchipata cha Mwami, malole akafa amene amawadzutsa ndi amakaniko a pansi pa mtengo pa Kamwendo ndi pa Boma pa Mchinji. Ambiri mwa iwo sadapondepo pakhomo pa koleji. Ena adayamba ali tianyamata, kutsuka mabawuti m'petulo ndi kupatsira abwana sipanala. Ena adakaphunzira m'magalaja a ku Chipata, poti kwa ife a m'malire Zambia ndi kuseri kwa nyumba chabe. Mkulu wotere amangotchera khutu injini ikulira, n'kukuuzani chavuta asadatsegule n'komwe boneti. Koma ntchito ikalengezedwa kukampani kapena m'boma, funso loyamba ndi lakuti, "Mapepala muli nawo, bambo?" Apa mkulu uja amangokanda m'mutu.

Ndiye tifunsane, abale anzanga: kodi n'chilungamo kuti munthu ngati ameneyu apatsidwe satifiketi, kapena achotseredwe zaka zina akalowa koleji, chifukwa cha zimene adaphunzira pa ntchito?

Inetu kadipuloma ndili nako, ndipo anzanga a mapepala ndimawamva akamang'ung'udza. Amati, "Ife tidagona ndi njala kukoleji, makolo adagulitsa fodya ndi mtedza kuti atilipirire fizi, ndiye wina angotulukira uko n'kulandira pepala lofanana ndi lathu?" Kuwawidwa mtima kwawo ndikukumvetsa, koma akusakaniza zinthu ziwiri. Satifiketi si malipiro a kuvutika ai. Zikadatero, mai wolima mtedza kwa Mkanda bwenzi ali ndi madigiri asanu. Satifiketi ndi mboni. Ntchito yake ndi kuuza mlendo amene sakudziwani kuti, "Uyu ntchito yakutiyakuti amaitha." Tsono mboni imene imaikira kumbuyo munthu chifukwa adakhala pa desiki zaka zitatu, n'kukana kuyankhulira wina woitha ntchito yomweyo pamaso pake, imeneyo ndi mboni yokondera.

Maganizo amenewa si achilendo kuno kwathu. Kwa zaka zambiri unduna wa zantchito unkayesa amisiri mayeso a Trade Test, kuyambira Giredi 3 mpaka Giredi 1, ndipo mmisiri wophunzira pa ntchito ankatha kukayesedwa. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yotchedwa Recognition of Prior Learning, yoyesa luso limene munthu ali nalo kale ndi kumupatsa pepala. Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha 1994. Boma la a Bakili Muluzi litalengeza pulayimale yaulere, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Aphunzitsi adasowa. Boma lidalemba anyamata ndi atsikana zikwizikwi osaphunzira zauphunzitsi n'kuwapatsa choko. Pofika 1997 padayamba maphunziro a MIITEP: miyezi itatu kukoleji, kenaka nthawi yaitali yotsalayo munthu akuphunzira ali pasukulu yake, akuphunzitsa ana. Ubwino ndi kuipa kwa MIITEP anthu amatsutsanabe, koma taonani chimene boma lidavomera pamenepo: kuti malo a ntchito nawo ndi kalasi. Lidavomera chifukwa madzi adafika m'khosi. Nanga makaniko uja adikire kuti dziko lisowe kaye amakaniko?

Maiko ena adapita patali. Ku South Africa, tsankho litatha, mabungwe a apantchito adalimbikira kuti anthu akuda amene adagwira ntchito zaluso zaka zambiri popanda pepala aziyesedwa pa zomwe akudziwa, ndipo lamulo la 1995 lidatsegula njira imeneyo. Ku France, kuyambira 2002, munthu akhoza kulandira ngakhale digiri yathunthu akaonetsa pamaso pa gulu la akatswiri kuti ntchito idamuphunzitsa zimene digiriyo imafuna. Kwathu kuno mayunivesite ali ndi khomo la mature entry, inde, koma khomo limeneli limatsegukira amene ali kale ndi MSCE kapena dipuloma. Wolemera ndiye amamuonjezera ndiwo.

Komatu ndisakunamizeni kuti zaka ndi nzeru. Apa ndiye ndimasiyana ndi ena amene amangoti "galu wamkota sakandira pachabe" n'kuthera pomwepo. Munthu akhoza kuchita cholakwika chimodzimodzi zaka 20, n'kumachitcha luso. Makaniko yemwe uja amene amamva injini ndi khutu ndi amenenso nthawi zina amamanga waya pamene pafunika fyuzi, galimoto n'kukapsa kutsogolo. Galimoto za masiku ano zimayendera kompyuta, ndipo khutu lokha silikwanira. Nkhani ya azamba ndi yolemera koposa. Mu 2007 boma lidawaletsa kuthandiza amai pochira. M'midzi mwathu muno ambiri adadandaula, poti gogo amene adalandira theka la mudzi m'manja mwake sungamutche mbuli. Koma gogo yemweyo, mai akayamba kutaya magazi kwambiri, zaka zake sizingamuthandize, pafunika chipatala. Ntchito imaphunzitsa zimene wakumana nazo. Zimene sunakumane nazo, kapena zosaoneka ndi maso, imakubisira.

N'chifukwa chake ine sindikupempha kuti mapepala agawidwe ngati chimanga cha thandizo. Ndikuti munthu ayesedwe, ndipo mayeso ake akhale okhwima ngati a wakukoleji. Zimene wakhoza zilembedwe kuti wakhoza, asabwerezenso. Zimene zamusowa aphunzire zokhazo, kaya ndi miyezi itatu ku Namitete Technical College. Kukhazika bambo wa zaka 45 m'kalasi kuti aphunzire dzina la sipanala pamodzi ndi mwana wobadwa dzulo, kumeneko n'kumulanga chifukwa chobadwira m'banja losowa fizi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kayesedwe kake. Mayeso akabwera pa pepala, m'Chingerezi chokhachokha, tidzakhala tikuyesa Chingerezi, osati umakaniko. Mkulu uja amadziwa chitsulo chilichonse m'injini, mwina kuposa womuyesayo, koma muuzeni alembe ndime yofotokoza zimenezo m'chinenero cha Azungu, muona thukuta lili kamukamu. Muikireni injini yakufa patsogolo, afotokoze m'Chichewa zimene akuchita, ndipo mawaya a fyuzi aja muwaonere pomwepo.

Palinso za mtunda. Kuchoka pa Boma pa Mchinji kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100. Munthu wodya za tsiku lomwelo akatseka galaja sabata imodzi kuti akayesedwe, kuphatikiza thiransipoti, malo ogona ndi ndalama ya mayeso, ndiye kuti ana kunyumba agona ndi njala sabata imeneyo. Oyesa ndi awiri kapena atatu, ali ndi galimoto ndi alawansi. Amisiri pa Kamwendo, kwa Mkanda ndi ku Kapiri ndi ankhaninkhani. Abwere oyesawo, injini zakufa adzazipeza konkuno.