Pamene Mwezi Wakwana Koma Mwana Sanafike

Makolo athu anasankha bwino mawu pamene anatcha mayi wapakati kuti woyembekezera. Ntchito zambiri za munthu zimatheka ndi mphamvu kapena changu, koma iyi yokha imalira kudikira. Kudikirako kumafika poŵaŵa pamene tsiku limene anamwino analemba m'buku la kusikelo ladutsa, zitenje ndi beseni zili chimangire pakhomo, koma mayi sakumva kanthu. Apa mpamene tiyenera kudzifunsa: kodi kudekha n'chiyani, ndipo kumalekezera pati?

Tiyambe ndi tsikulo. Anamwino amaŵerenga masiku 280, ndiye kuti masabata 40, kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza. Kuŵerengaku n'kongoyerekeza. Mwa ana 100, pafupifupi 5 okha ndiwo amabadwa pa tsiku lenilenilo. Ambiri amafika pakati pa sabata la 37 ndi la 42. Choncho mwana wopitirira masiku angapo sanaswe pangano lililonse. Ife ndife tinasandutsa chiyerekezo kukhala lonjezo.

Mtima wa munthu ukatopa ndi kudikira umafuna wina womuloza chala. M'midzi yathu yambiri mukadali chikhulupiriro chakuti mwana akachedwa, kapena matenda akatalika, ndiye kuti mayi kapena mwamuna wake sanayende bwino. Amayi aakulu amamzinga mtsikana amene akubuula kale, namuumiriza kutchula maina a amuna. Tinene mosabisa kuti imeneyi ndi nkhanza. Munthu amene ali pakati pa moyo ndi imfa timamsandutsa wamlandu, ndipo maola ofunika kukhala pa njira ya kuchipatala amathera m'mafunso. Ena amathamangira mwanamphepo kuti afulumizitse matenda, chonsecho azaumoyo akhala akuchenjeza kuti mankhwala otere amautsa ululu wopyola muyeso, mwina mpaka kung'amba chiberekero.

Komanso pali kulakwa kwina kumene kumavala nkhope ya chikhulupiriro. Timapinda manja n'kumati nthaŵi ya Mulungu ikakwana adzabadwa. Zoonadi, moyo sitiulamulira ndife. Koma amene anatipatsa moyo anatipatsanso nzeru zoutetezera. Masabata akapitirira, nsengwa imene imadyetsa mwana m'mimba imayamba kufooka, ndipo ngozi imakula. N'chifukwa chake Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limalangiza kuti mimba ikafika masabata 41, achipatala ayambitse matenda ndi mankhwala oyenera. Ndipo mwana akachepetsa kuseŵera m'mimba, madzi akasweka, kapena magazi akaoneka, usiku umenewo si wodikira kuti kuche.

Tikuona tsono kuti kudekha kwenikweni ndi ntchito. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Komatu wofuna kuona masowo amakhala pomwepo, maso ali tcheru. Kudekha kotere ndi kwa apongozi amene aperekeza mpongozi wawo kuchidikiro nthaŵi ikadalipo, atasenza ufa ndi nkhuni. Ndi kwa bambo amene asunga ndalama ya ulendo osaikhudza, nadziŵiratu galimoto kapena njinga imene adzaitane pakati pa usiku. Ndi kwa anansi amene aleka kufunsa tsiku ndi tsiku kuti "Kodi mukadalipobe?", nakatunga madzi ndi kusamala ana otsala pakhomo.

Tsiku likafika, timati mayi wachira, ndipo mawu ameneŵa akuvomereza kuti anali pa ngozi yeniyeni. Nthungululu zikamveka, palibe amene amaŵerenganso masiku ochedwa aja. Koma mayi saiŵala amene anamtonthoza ndi amene anamzenga mlandu, ndipo chikumbumtima chimenecho amaloŵa nacho m'chikuta pamodzi ndi khanda lake. Ngati m'mudzi kapena m'mphakati mwathu muli mayi amene mwezi wake wapitirira, tisapite kwa iye ndi mafunso. Tipite kukamuona lero, timfunse za tsiku la kusikelo, ndipo ngati kuli kofunika timperekeze.